Kachitsulo Kolembedwa Tola

Mlendoyo anafika mkangano uli pakati. Palibe anamumva akuodira, chifukwa m'nyumba ya Che Nuhu, kuseri kwa kagolosale kawo ku Salisbury Lines, mawu anali atakwera kuposa mvula imene inkamenya malata.

"Mwanayu akwere basi ya mawa, bambo a Lehema," anatero Abiti Swalehe uku akupinda zovala za mwana wawo ndi kuziponya m'chikwama. "Apite ku Mangochi kwa amalume ake. Ine sindinamuberekere anthu a kuno kuti adzamuveke tayala m'khosi."

"Akathawa ndiye kuti wavomera mlandu," anayankha Che Nuhu. "Mawa lake adzabwerera ife, ati makolo a mfiti. Moto ukatha tchire umalowa m'munda, mayi."

Lehema anali atatsamira chitseko cha kuchipinda, manja atapinda pachifuwa. Ananena motsitsa kuti sapita kulikonse, popeza iye sanakwirire kanthu pakhomo pa munthu. Mayi ake anamutembenukira ndi maso ofiira, namukumbutsa kuti anamuchenjeza kale za mwana wa a Mhango, kuti mtsikana wa ku mzikiti ndi mnyamata wa ku tchalitchi ndi nkhani yoitana ntchentche, koma samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Apo m'pamene Lehema anaona kuti pakhomo paima munthu. Anali mayi wamtali, wa msinkhu woposa wa mayi ake, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa mpango. Madzi ankachucha pa ambulera yake, koma iye sankasamala za zovala. Chimene ankateteza chinali kachikwama kakuda kamene anakafungatira ngati khanda. Fungo la lubani linalowa m'nyumba iye asanalowe.

Anapereka salamu, napempha malo ogona. Anati anamva ku depoti kuti kuno kuli anthu a kwawo. Che Nuhu atafunsa dzina lake ndi chimene wadzera ku Mzuzu, mayiyo anamwetulira pang'ono.

"Dzina ndi katundu, achimwene. Ndidzatula ndikapuma. Pakadali pano mwanayu azingonditchula azakhali."

Abiti Swalehe anakokera mwamuna wawo pambali ndi kuwanong'oneza kuti nyumba imene zala zonse zikuiloza siwonjezerapo munthu wopanda dzina. Koma Che Nuhu anati mlendo sabwezedwa pa mvula. Motero mlendoyo anayala mphasa m'chipinda cha Lehema, ndipo chikwama cha ulendo wa ku Mangochi chinakhala pakona chosatseka.

M'mawa mwake, awiriwo akuola nyemba kuseri kwa nyumba, mlendoyo anapempha kuti amve nkhani yonse. Lehema anaifotokoza mmene inayendera.

Nyumba yachitatu kuchokera pa golosale inali ya a Hudson Mhango, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi mkazi wawo Mabel, amene aliyense ankawatchula kuti NyaJere. Mwana wawo Fiskani, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndiye ankafuna kukwatira Lehema, ndipo NyaJere anali atalumbira kuti zimenezo zidzachitika iwo ali kumanda. Madzi a m'dambo atasefukira ndi kulowa m'nyumba, monga achitira ku Salisbury Lines chaka ndi chaka, NyaJere anatenga khasu kuti akumbe ngalande m'mbali mwa khonde. Khasu linagunda kachitsulo. Kanali kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, kolemera kuposa maonekedwe ake, kamtundu wa mkuwa, kokhala ndi kamutu pamwamba. Atakatsuka anaona zilembo zinayi: TOLA. Kunsi kwake kunali zilembo za Chiarabu zokandidwa ndi chinthu chakuthwa.

"M'Chichewa akuti ndi msampha, woti amene atole atole imfa," anatero Lehema. "M'Chitumbuka kutola ndi kukwatira. Ndiye akuti ndinakakwirira kuti Fiskani anditole, ndipo wotsekereza aliyense afe. Dzanja limene NyaJere anatolera latupa."

Anaonjezera kuti aliyense akudziwa kuti tsiku lomwelo NyaJere anadzicheka ndi lata ladzimbiri m'matope omwewo, koma zimenezo palibe akuziwerengera. Kuchipatala akukana, ati jakisoni pa matenda a ufiti amapha. Kachitsuloko kanatengedwa ndi mneneri Brave, amene ali ndi tchalitchi cha matenti cha ku Msongwe, ndipo anakaviika m'botolo la madzi amchere. Chithunzi chake chinali chitayenda m'mafoni mpaka kumene Lehema sakudziwa.

Mlendoyo anapempha kuchiona. Anagwira foniyo nthawi yaitali, akukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Zilembo za kunsi Lehema anali ataziwerenga kale, popeza anaphunzira ku madrasa. Linali liwu lotanthauza machiritso, liwu la m'mapemphero. Koma bambo ake anamuletsa kuuza munthu, chifukwa kungonena kuti akutha kuziwerenga kukanakhala kudzimangirira chingwe m'khosi.

Lehema ankayembekezera kuti mlendoyo afunsa za NyaJere kapena za mneneri. Koma anafunsa zina.

"Nanga bambo a pakhomopo akuti chiyani?"

"A Mhango? Palibe. Amangokhala pakhonde n'kumapukuta magalasi awo."

"Adakali choncho," anatero mayiyo chapansipansi, nabwezera foniyo.

Masabata otsatira anali a mantha oyenda pang'onopang'ono ngati madzi a m'dambo. Anthu anasiya kugula pa golosale. Buledi anachita nkhungu pa shelefu. Lehema akafika pa mpopi, amayi ankasuntha ndowa zawo kuti zisagundane ndi yake, ndipo macheza a Chitumbuka amene ankamulowetsamo kale ankangoduka. Ana ankamutsatira chapatali akuimba kuti tola, tola, iye akacheuka n'kumwazikana. Mmawa wina banja linapeza mchere utawazidwa kuzungulira khomo. Tsiku lina mwala unagwa padenga dzuwa lisanalowe n'komwe, ndipo Abiti Swalehe anagwetsa mbale, nakhala pansi pomwepo n'kulira osatulutsa mawu. Che Nuhu anapita kupolisi, nabwerako ndi malangizo oti akhale m'nyumba ndi kuimba foni zikavuta. Anati apolisi amafika phulusa litazizira.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Lehema sichinali mchere kapena mwala. Fiskani, amene kale ankaima pa golosale kangapo pa tsiku kudzagula mayunitsi amene sankawafuna, anayamba kudzera njira ya kuseri. Lehema ankadziwa kulira kwa njinga yake pakati pa njinga zonse za mu Mzuzu, ndipo ankaimva ikuzungulira kutali ngati ikuopa galu.

Anakumana mwangozi pa kaulalo ka matabwa kodutsa pa ngalande yaikulu, pamene awiri sangapatukirane. Fiskani anazimitsa njinga. Anali ataonda. Anati iye sakhulupirira zimene anthu akunena, koma dzanja la mayi ake likununkha, ndipo akangotchula dzina la Lehema m'nyumba mayiwo amakuwa kuti wadyetsedwa. Anapempha kuti amupatse nthawi.

"Nthawi ndiitenga kuti, Fiskani? Anzako a pa kabaza ndi amene akuuzana za petulo."

"Ndilankhula nawo. Koma Lehema, zilembo zija. Si za kwanu zija?"

Lehema anamuyang'ana mpaka mnyamatayo anazolika. Anatsika m'matope kuti njinga idutse, madzi ozizira akumufika m'akakolo, ndipo anapita kwawo osacheuka.

Nthawi yonseyi mlendo uja anali ndi chizolowezi chake. Mmawa uliwonse nkhungu isanachoke ankavala mpango wake woyera, n'kutuluka. Sankapita kumsika kapena ku mzikiti. Ankayenda mpaka pa mtengo wa mapeyala moyang'anizana ndi nyumba ya a Mhango, n'kuima pamenepo ngati akudikira minibasi pa msewu wopanda minibasi. Tsiku lina Lehema, ali pawindo la golosale, anamuona ataima pamenepo. A Mhango anali pakhonde monga mwa masiku onse. Atadzutsa mutu, maso awo anakumana ndi a mayiyo. Magalasi anawapulumuka m'manja ndi kugwera pa simenti. Sanawatole. Anadzuka ngati munthu amene waona njoka pamphasa, nalowa m'nyumba ndi kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo Lehema anayamba kumuopa mlendo wa m'chipinda chake. Ndipo tsiku lina akusesa, tsache linakoka lamba wa kachikwama kakuda kaja, kabokosi kathabwa n'kutsetserekera pansi ndi kutseguka. M'kati munali kasikelo ka mbale ziwiri zazing'ono ngati zikhatho za mwana. Pambali pake panali mzere wa tizitsulo tamkuwa, kuyambira kakakulu mpaka kakang'onong'ono, kalikonse m'dzenje lake. Pa kalikonse panali zilembo zinayi zomwe zija. Dzenje limodzi linali lopanda kanthu.

Lehema anabwerera m'mbuyo. Mwini chithumwa ankagona naye chipinda chimodzi. Anafuna kuitana bambo ake, koma atatembenuka anapeza mayiyo ataima pakhomo.

Sanakalipe. Anakhala pamphasa, nakokera bokosilo pamiyendo pake, nauza Lehema kuti akhale pansi. Anafotokoza kuti tizitsuloto ndi miyala ya sikelo. Tola ndi muyeso wa Amwenye, monga mmene ena amanenera kilo, koma wa zinthu zopepuka ndi zodula. Bambo a mayiyo anagwira ntchito m'sitolo ya Mmwenye, ndipo pochoka anapatsidwa sikeloyo, imene ankayezera lubani ndi ndolo zasiliva atatsegula sitolo yawoyawo. Anamuonetsa mmene mwala wa sikelo umadziwikira: kunsi kosalala kuti ukhazikike pa mbale, kamutu kogwirira ndi zala ziwiri, ndi nambala patsogolo pa liwulo. Pa uja wa NyaJere nambala inadyeka ndi dothi, liwu lokha n'kutsala.

"Chithunzi chinandipeza ku Zomba, pa foni ya mdzukulu wanga," anatero. "Anthu akuseka, ena akupemphera. Ine ndinazindikira mwala wa bambo anga."

Lehema anadzuka, ali ndi chimwemwe chosakanikirana ndi mkwiyo. Anati apite pompano akaonetse bokosilo kwa onse. Anafunsa chifukwa chake mayiyo anangokhala phee masabata onsewa, akumva miyala padenga, yankho lili pansi pa pilo.

"Ndikaonetsa bokosili adzati mwini chithumwa wapezeka, ndipo adzatiotcha awiri m'malo mwa mmodzi. Chitsulo sichilankhula, mwanawe. Pafunika munthu wa kwawo, wa chilankhulo chawo, anene mmene mwalawu unafikira pansi pa khonde."

"Alipo woteroyo?"

"Alipo. Ndikumudikira."

"Mpaka liti, azakhali?"

"Ndinayamba kumudikira iwe usanabadwe." Anatseka bokosilo mofatsa. "Usaganize kuti ndine wolimba mtima. Malo ano ndinachokapo ndili chigonere pansi m'lole, nditafundidwa masaka."

Lehema anafunsa zambiri, koma mayiyo anangobwezera bokosilo m'kachikwama kake.

Kutupa kwa NyaJere kunadutsa chigongono. Anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta. Mneneri Brave analengeza kuti Lamulungu masana adzachititsa mapemphero pabwalo pa a Mhango, ndipo mwini chithumwa abwere adzatole chake ndi dzanja lake, kuti matenda abwerere kumene anachokera. Akapanda kubwera yekha, anthu a Mulungu adzamutenga.

Lamulungu linacha popanda mvula. Dzuwa litapendeka, nyimbo zinayamba kumveka, poyamba za m'tchalitchi, kenako zina zimene sizinali za m'tchalitchi. Che Nuhu anakhoma golosale ndi kuimika matumba a ufa kuseri kwa chitseko. Anaimba foni kupolisi, nauzidwa kuti galimoto yatuluka. Abiti Swalehe anagwira Lehema pa mkono, akumuchonderera kuti athawire ku dera loyandikana la Geisha kudzera m'dambo. Koma kuseri kwa nyumba kunali kale anyamata awiri atakhala pa njinga zawo, akuyang'ana khomo.

Lehema anayang'ana bambo ake, amene anali chiimire pa chitseko, kiyi ali m'manja. Anayang'ana mashelefu amene bambowo anawadzaza pang'onopang'ono kuchokera pa kabenchi ka machesi ndi mchere. Anachotsa dzanja la mayi ake mofatsa, nakonza mpango wake, nanena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatuluka. Atayenda pang'ono anamva fungo la lubani kumbuyo kwake.

Bwalo la a Mhango linali litadzaza. Anthu anapatuka kuti adutse, koma njirayo inkatsekeka kumbuyo kwake. Anaona nkhope zimene ankazidziwa: mayi amene ankamupatsa sopo kuti adzalipire mwezi ukatha, mnyamata amene anaphunzira naye sukulu. M'manja mwa ena munali zidutswa za njerwa. Cha pa mpanda panali wina atanyamula kachigubu kachikasu, ndipo mphepo inabweretsa fungo la petulo.

NyaJere anali atagonekedwa pamphasa pakhonde, dzanja litakulungidwa m'chitenje, mutu uli pamiyendo ya Fiskani. A Mhango anali pa mpando wawo pakona, magalasi osweka diso limodzi ali m'manja.

Mneneri Brave, mu suti yoyera ndi nsapato zosongoka zimene matope anali atazipaka, ananyamula botolo m'mwamba kuti onse aone, nalikhuthula pansi. Kachitsuloko kanagubuduka ndi kuima pafupi ndi mapazi a Lehema.

"Utsi sufuka popanda moto," anatero pa chimkuzamawu. "Liwu unalilemba wekha, mtsikana. Lichite. Tola."

Khamu linabwereza liwulo, poyamba ochepa, kenako onse. Lehema anaona msampha wake bwinobwino. Akatola, wavomera kuti ndi chake. Akakana, wakana kumasula wodwala. Mbali zonse ziwiri zinkathera pa kachigubu kachikasu. Anayang'ana Fiskani. Mnyamatayo anatsegula pakamwa, natsekanso, maso n'kugwera pa dzanja la mayi ake.

Lehema anayamba kuwerama, maso atachita mdima. Koma dzanja lina linamutsogolera, dzanja lamakwinya lovala chibangili chasiliva. Mlendo uja anatola kachitsuloko, nakapukuta ndi nsonga ya mpango wake monga mayi apukutira mwana kukamwa.

Phokoso linaduka. Mayiyo anagwada pansi, natsegula bokosi lake pamaso pa onse. Anaika kachitsuloko m'dzenje lopanda kanthu lija, ndipo kanalowa ndendende ngati dzino m'malo mwake. Anakatulutsanso, nakaika pa mbale imodzi ya sikelo, pa inayo n'kuikapo tinzake ting'onoting'ono. Ananyamula sikeloyo ndi zala ziwiri. Mbale zinavina pang'ono, kenako zinaima mofanana. Anauza anthu dzina la chinthucho ndi ntchito yake, monga anauzira Lehema, ndipo ena a kutsogolo anasendera kuti aone.

Mneneri anaona kuti khamu likumupulumuka. Anakuwa kuti Mulungu waulula zambiri kuposa zimene anapempha, kuti mtsikanayo anali wotumidwa chabe, ndipo mfiti yaikulu yabwera yokha ndi bokosi lodzaza imfa, kachitsulo kamodzi pa khomo lililonse la Salisbury Lines. Mayi wina analira. Chidutswa cha njerwa chinauluka kuchokera kumbuyo ndi kumenya mlendoyo pamphumi. Magazi anatsika pa mpango woyera. Lehema anamugwira, akumva chitsekerero cha chigubu chikutsegulidwa.

Mayiyo sanapukute magazi. Anaimirira, napereka moni kwa onse m'Chitumbuka chosalala, cha munthu amene anakulira pamalopo, ndipo zimenezo zinaimitsa manja amene anali atakwera kale. Kenako anapitiriza m'Chichewa, osakweza mawu, kotero kuti anthu anachita kutontholetsana kuti amve.

"Mwala uwu ndi wa kwathu, sindikukana. Koma sindinaukwirire ndine. Ndinaupereka m'manja mwa munthu, masana dzuwa likuswa mtengo, pakhonde lomwe lino. Ndinali mtsikana ngati uyu. Iye ndiye anandiphunzitsa tanthauzo la liwuli m'chilankhulo chanu, ndipo tinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti, popeza wawerenga wekha, chita zimene liwulo likunena. Nthawi imeneyonso makolo anu anabwera ndi miyala, ati ndamudyetsa mwana wawo mankhwala. Iye anakhala chete, ife tinataya sitolo. Madzi saiwala khwawa, lero ndabwerera. Sindimutchula. Ngati akhalanso chete, ponyani, koma muyambe ndi ine."

Khwangwala analira padenga la nyumba yoyandikana. Lehema ankamva magazi a mayiyo akudontha pa mkono wake, ofunda, dontho ndi dontho. Palibe anasuntha. Mnyamata wa chigubu anayang'ana mneneri, ndipo mneneri ananyamula chimkuzamawu.

Mpando unakhuluka pa simenti.

A Mhango anaimirira movutikira, atagwira mzati wa khonde. Mawu awo, amene kale ankamveka kalasi yonse, anatuluka osasa.

"Brave, ika chinthu chakocho pansi. Ndinakuphunzitsa kuwerenga ine, ndipo sunawerenge bwino." Anapuma. "Mwalawu ndinaukwirira ndine. Nyumba ino inali ya adada, bambo anga. Tsiku limene lole inanyamuka ndi banja la mayi uyu, ndinakumba pansi pa khonde ndi mpeni, chifukwa kuutaya sindikanatha, ndipo kuusunga m'thumba ndinkaopa. NyaJere ataufukula ndinauzindikira nthawi yomweyo. Ndaona dzanja la mkazi wanga likuola, ndaona mwana wa eni ake akusakidwa ngati gwape, ndili chete, kuopa manyazi a unyamata. Mfiti imene mukuifuna, ngati ilipo, ndi mantha a nkhalamba ino."

Kwa kanthawi anthu sanadziwe chochita ndi manja awo. Kenako mayi wina kumbuyo anati, m'Chitumbuka, ndiye kuti mwezi wonse takhala tikusala kudya chifukwa cha chibwenzi cha asambizgi, aphunzitsi athuwa? Wina anaseka, kuseka kwa manyazi, ndipo kunafalikira. Zidutswa za njerwa zinayamba kugwa pansi chimodzichimodzi, eni ake akuyang'ana kumbali ngati si iwo. Kachigubu kachikasu kanazimiririka kuseri kwa mpanda. Mneneri anayesa kuyambitsa nyimbo, koma anaimba yekha mzere woyamba, ndipo wachiwiri anauimbira kumsewu. Mayi uja wa sopo anavula chitenje chake chapamwamba, nachipereka kwa Lehema kuti amange bala la mlendo, osatha kumuyang'ana m'maso.

Fiskani anatsika pakhonde, nabwera kudzaima pafupi ndi Lehema, dzanja lake likufuna la mtsikanayo. Lehema anapitiriza kumanga bala.

"Kalize njinga," anamuuza. "Amayi ako akufunika kuchipatala dzuwa lisanalowe. Za iwe ndi ine tidzakamba ukadzaphunzira kulankhula nthawi yake. Ine sindidzakudikira mpaka imvi."

Mnyamatayo anathamanga. Amayi awiri anadzutsa NyaJere, amene anamva zonse maso ali otseka. Sanakanenso za chipatala. Koma atafika pa masitepe anaima, thukuta likuyenderera, nayang'ana mlendoyo kuyambira kumapazi mpaka pa mpango wamagazi. Kenako anayang'ana mwamuna amene anakhala naye zaka zonsezo pamwamba pa kachitsulo kamene sankakadziwa.

"A Mhango," anatero ndi mawu otopa, "sindikwera njinga musanandiuze. Ni njani mama uyu? Mayiyu ndi ndani?"

A Mhango anavala magalasi awo osweka, ngati akufuna kuona bwino asanayankhe. Anati dzina lake aliyense analiona pa foni yake, koma palibe anatha kuliwerenga, chifukwa mwini wake analikanda yekha ndi msomali kunsi kwa mwalawo.

Lehema anasiya kumanga. Liwu lija la m'mapemphero, limene analisunga pakamwa masabata onsewa akuliyesa pemphero, linamubwerera, ndipo anayang'ana mayi amene anagona naye chipinda chimodzi. Mayiyo anali atatseka maso, mapewa atatsika ngati a munthu amene akutula mtolo pakhomo pa ulendo wautali.

A Mhango analitchula pang'onopang'ono, pamaso pa mkazi wawo ndi pa Salisbury Lines yonse.

"Shifa."